Kuwomberana ndi Apongozi M'mitambo

Chaka chimene ndinakwatira, ine ndi mkazi wanga tinkakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi ku Freedom Park, kuno ku Joni, m'kachipinda ka malata kamene kale ankasungiramo wilibala ndi matumba a simenti. Ndinkagwira ntchito ya m'maluwa ku Waterfall East, m'nyumba za mipanda yaitali zija. Tsiku langa lopuma linali Lachinayi, chifukwa Loweruka ndi pamene eni nyumba amakonda kuona munthu akutchetcha kapinga iwo ali pakhonde ndi kapu ya khofi.

Apongozi aamuna anali mtchona weniweni. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, pa kontalakiti ya ku migodi, ndipo sanabwererenso. Anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka mutu unayera, anakwatira mayi wachitswana wa ku Bethanie, n'kubereka ana aakazi okhaokha. Aakuluwo anakwatiwa ndi anyamata a konkuno, amene ankalowa m'nyumba chipewa chili kumutu n'kupereka moni ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba. Ndiye mwana wotsiriza atabwera ndi ine, munthu wa ku Dedza, mdalayo anatsala pang'ono kulira. Anali atapeza mkamwini wakwawo.

Vuto linali lakuti mwambo umene ankaukumbukira unali wa nthawi imene anachoka kumudzi. Kwathu zinthu zinafewa kalekale, apongozi ndi akamwini amakwera njinga imodzi, koma iwo anausunga mwambowo monga anausiyira, osaperepeseka ngakhale pang'ono. Sindinkawayang'ana m'maso. Tikakumana pa kanjira kopita kuchimbudzi ndinkapatuka mpaka kukhudza waya wa mpanda, n'kunyonyomala kuti adutse. Akandiitana ndinkayankha kuti "Wawa," mawu amene ndinali ndisanawatchulepo chibadwire. Mkazi wanga, wobadwira konkuno, ankaonerera pawindo akuseka mpaka kugwira nthiti. Madzulo ankandifunsa ngati maondo anga akadalipo.

Makina a gemu ndinawapeza kuntchito. Dona wina ankachotsa zinyalala m'garaja ndipo anandipatsa katoni kuti ndikataye. Nditasuzumira ndinaona makina akuda, zingwe zopotana, timarimoti tiwiri timene osewera amati mapadi, ndi zimbale zingapo. Ndinapempha, iye anangokupiza dzanja. Zimbale zambiri zinali zokandika, makinawo ankangozilavula. Chimene chinkagwira chinali chimodzi chokha, cha ndege zankhondo.

Kachipinda kathu kanalibe tivi. Tivi yokhayo pakhomopo inali pabalaza pa apongozi, yofunditsidwa kansalu koluka ndi manja, ndipo inkatsegulidwa pa nkhani ndi pa mapemphero basi. Komanso apongoziwo anali mkulu wa mpingo. Ndinali nditawamvapo ndi makutu anga akudzudzula makolo amene amalola ana kuthera tsiku akupha anthu pa tivi. Choncho katoniyo inakhala pansi pa bedi, ndipo ine ndinkaiganizira ndikuthirira maluwa a eni ake.

Koma Lachinayi pakhomopo pankakhala zii. Mkazi wanga ankapita kuntchito kusitolo m'tauni. Apongozi aakazi ankavala yunifolomu yawo n'kupita kumapemphero a amayi, kubwerako kwake dzuwa litapendeka. Apongozi aamuna ankatenga ndodo n'kupita kukacheza kwa mnzawo wina wa ku Tete, amene anagwira naye ntchito mumgodi. Lachinayi lina mtima unandilaka. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinavundukula tivi, ndinalumikiza zingwe, n'kukhala pansi pa simenti, popeza ngakhale eni ake kulibe sindikanayerekeza kukhala pampando wawo.

Gemuyo inali yokoma kuposa mmene ndinkaganizira. Ndege imayambira pa chisitima chachikulu pakati pa nyanja, imathamanga pang'ono, kenako madzi onse ali pansi pako. Chala chachikulu chimayendetsa kandodo ka pa padi: ukakakokera kwa iwe ndege imakwera, ukakakankha imatsika. Mdani akaonekera, kabokosi kofiira kamamuzinga, kenako kamalira tswii, ndipo ukadina batani mzinga umachoka ukusiya mchira wa utsi. Mdani akakhala kumbuyo kwako makina amalira mwina, mofulumira ngati mtima wa munthu wothamangitsidwa ndi galu. Ndinaiwala kumene ndinali. Ndinaiwalanso kutsitsa mawu a tivi.

"Mukuulutsa ngati mwaledzera, akamwini."

Sindikudziwa kuti apongozi aamuna anali ataima nthawi yaitali bwanji kumbuyo kwanga. Mnzawo wa ku Tete sanamupeze pakhomo, ndiye anabwerera msanga. Ndinatembenuka n'kugwada, padi ili m'manja, ndipo ndege yanga, itasiyidwa yokha, inapita kukagunda phiri. Moto unadzaza tivi yonse.

"Mwapha munthu," anatero apongozi.

"Si munthu weniweni, bambo. N'zojambula chabe."

"Nanga ndegeyo? Mukudziwa mmene anthu amavutikira kupanga ndege?"

Ndinayang'ana pansi, ndikudikira kuti andiuze kuti ndilongedze katundu. M'malo mwake anakoleka ndodo kuseri kwa chitseko, anakhala pampando wawo, n'kuvala magalasi owerengera Baibulo.

"Ndege ndimaidziwa ine," anatero. "Pobwera kuno ku Joni tinakwera ndege. Inuyo munabwera pa basi, si choncho?"

"Pa basi, bambo."

"Ndinadziwa. Zimaoneka." Anayang'ana utsi umene unkakwerabe paphiripo. "Chimakina ichi n'choipa. Koma munthu sadzudzula chinthu chimene sakuchidziwa. Ndikaima mumpingo ndiyenera kunena zimene ndaona ndi maso. Bweretsani chinzakecho."

Ndinawapatsa padi yachiwiri ndi manja awiri.

Anthu akasewera awiri tivi imagawika pakati, ndege ya wina pamwamba, ya wina pansi. Apongozi anasankha ya pamwamba osafunsa. Tsiku limenelo sanachoke n'komwe pa chisitima. Ankathamanga mpaka kumapeto n'kugwera m'madzi, n'kunena kuti msewu wake ndi waufupi. Lachinayi lotsatira sanapite kwa mnzawo uja. Ananena kuti bondo likuwawa, ndipo apongozi aakazi atangotseka geti anandiitana. Anaphunzira kukwera. Koma ankakhota ndi thupi lonse, padi, mapewa, mutu, mpaka tsiku lina anatsetsereka pampando n'kugwera pa ine. Tinadzuka osayang'anana, aliyense akukonza malaya ake. Mizinga yawo ankaithera pa mitambo, amati pofuna kuona ngati muli munthu wobisala. Akapsa mtima ankabwerera ku chilankhulo cha mumgodi. "Basopa!" ankauza ndege yawo ikamayandikira phiri. Ikagunda ankaitcha mampara, ndiye kuti chitsiru.

Apa m'pamene ndinakumana ndi funso limene palibe nkhoswe inandikonzekeretsa. Kodi mkamwini angawombere apongozi? Ndinkapezeka ndili kumbuyo kwawo, kabokosi kafiira, makina akulira tswii, chala chili pa batani. Ndikayang'ana cham'mbali ndinkaona bambo amene anandipatsa mwana wawo ndi pogona, lilime lili panja pang'ono, akulimbana ndi kandodo. Chala chinkakana. Ndinkawombera pambali. Nthawi zina ndinkadutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwawo, ngati nkhuku yodzipereka yokha kwa mlendo, mpaka mzinga wawo utandipeza.

"Mwafa, akamwini."

"Ndafa, bambo. Zikomo."

Ndinkaganiza kuti zidzatha msanga, adzatopa nazo. Koma mdalayo anayamba kudziwa. Zala zake zolimba zija zinafewa. Anasiya kuwombera mitambo. Anatulukira yekha kuti ukaulukira kumene kuli dzuwa mnzako sakuona bwino. Ine ndinasiya kudzipereka, chifukwa tsopano ankandipeza okha, ndipo ndinayamba kuthawa moona mtima. Kuwombera kokha ndiko ndinkazengereza nako. Ndiye tsiku lina ndinalimba mtima kuti lero ndiyesako kamodzi. Ndinazungulira phiri, ndinatulukira kumchira kwawo, kabokosi kanafiira.

"Akamwini, kukhosi kwauma. Kamadzi."

Mkamwini sanganene kuti dikirani ndithane nanu kaye. Ndinaika padi pansi, ndinathamangira kukhitchini, ndinatsuka kapu, ndinabwera nditagwada. Pa tivi ndege yanga inali zidutswa zikugwera m'nyanja. Apongozi analandira madziwo, ananyowetsa milomo chabe, n'kuika kapu pansi.

Kuyambira pamenepo ludzu lawo linkabwera pa nthawi yake. Makina akangolira kuti ndili kumbuyo kwawo, kukhosi kunkauma. Nditayamba kuika jagi ya madzi pambali pawo tisanayambe, anasintha. Ankamva munthu akugogoda pageti. Ankakumbukira kuti nkhuku sizinapatsidwe madeya. Tsiku lina, nditawapanikiza pakati pa mapiri awiri, ananena mwaulemu kuti taiwala kuyamba ndi pemphero. Ndinatsinzina. Pemphero linali lalitali, lokhudza odwala, a m'ndende ndi a paulendo, koma pansi pa mawu awo ndinkamva mabatani akuti tcha, tcha. Pofika pa Ameni ndinali nditafa kale.

Panali tsiku limodzi limene ndimalikumbukira mwa mtundu wina. Tinasankha bwalo la mapiri obiriwira, lopanda nyanja. Apongozi sanandilondole. Anakwera mpaka pamwamba pa mitambo, anatsikanso, n'kumangoyenda m'mbali mwa phiri lina lalitali, mwakachetechete.

"Mukuliona phiri ili?" anatero. "Kwathu lilipo lotere. Ukaima pakhomo pa mayi anga umaliona chonchi, ndi mwala pamwamba."

Ndinabweretsa ndege yanga pambali pa yawo, tikuyendera limodzi.

"Ndege ija tinakwera," anapitiriza, "sindinaone kanthu. Anatikhazika ngati matumba, ine pakati, kutali ndi windo. Mnzanga wa pambali anasanza njira yonse. Ndinkafuna kuona kwathu kuchokera kumwamba, koma ndinaona msana wa munthu basi. Titatsika anatilowetsa pansi. Moyo wonse kumwamba kwanga kunali mwala, wakuti ukaimirira bwino ugunda mutu."

Ndinaganiza za amayi anga ku Dedza, ndi mmene inenso zaka zinayambira kuwunjikana ndisanapite. Ndinapititsa ndege yanga patsogolo pang'ono kuti ndione mwala umene ankanenawo.

Makina analira. Mzinga unandilowa kumchira.

"Pankhondo sacheza, akamwini," anatero apongozi, akupukuta magalasi. M'maso mwawo munalidi misozi. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti nkhaniyo inali yoona, ndipo mzingawonso anaukonzekera kuyambira pachiyambi.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandipweteka chinali mdala wa ku Tete. Apongozi analephera kusunga chinsinsi cha ulemerero wawo, anakamuuza. Mdalayo anali wamfupi, wa mano ochepa, wosoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera matakisi, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Ndikamadutsa m'mawa kupita kuntchito ankatambasula manja ngati mapiko, n'kuwapendeketsa, n'kuchita ngati akugwa pa benchi yake. Anthu odikira takisi ankaseka osadziwa n'komwe nkhani yake.

"Mwadzuka bwanji, a pailoti?" ankatero m'Chinyanja chake chokoka. "Ndamva dzulo mwamwalira kangapo. Maliro ali kuti?"

Ndinadandaula kwa mkazi wanga, amene ankadziwa zonse kuyambira sabata yoyamba.

"Awombereni," anatero, akusita malaya. "Bambo anga sanafe ndi miyala ya mumgodi. Angafe ndi tivi?"

"Sandipatsa mpata. Ndikangoyandikira amandituma."

"Ndiye inunso abereni. Mwakhala pa Joni nthawi yonseyi osaphunzira kalikonse?"

Mawu amenewo anandikhala. Ndinali nditaona kale, pofufuza m'makinamo, kuti muli malo osinthira mmene padi iliyonse imamvera. Panali mzere wina umene ukausintha, kumwamba kumasanduka pansi: ukakoka kandodo ndege imatsika, ukakankha imakwera. Apongozi malo amenewo sankawadziwa, chifukwa zolumikiza ndi zotsegula zonse zinali ntchito ya mkamwini. Ndipo mwayi unabwera wokha. Anandiuza kuti Lachinayi lotsatira aitana mnzawo uja kuti adzaone ndi maso ake.

Tsikulo ndinalowa msanga pabalaza, iwo akumeta ndevu kuseri. Ndinasintha padi yawo, yokhala ndi tepi yofiira imene anamatapo okha kuti isasokonezeke ndi yanga. Ndinapukuta fumbi pa tivi. Ndinaika jagi ya madzi. Mdala wa ku Tete anafika atavala jekete, ngati wobwera ku ukwati, ndipo anapatsidwa mpando wa apongozi aakazi. Ine pansi, pamalo panga.

"Uonetsetse," apongozi anauza mnzawo. "Usaphethire."

Ndege ziwiri zinathamanga pa chisitima. Yanga inakwera bwinobwino. Ya apongozi inafika kumapeto, iwo anakoka kandodo ndi ulemu wonse wa munthu wozolowera, ndipo ndegeyo inaweramitsa mphuno n'kulowa m'nyanja ngati bakha.

"Ndaona," anatero mdala wa ku Tete. "Sindinaphethire."

"Chala chinaterereka."

Tinayambanso. Anakoka mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo analowa m'madzi mofulumira kuposa poyamba. Mdala wa ku Tete anafunsa ngati gemuyi ndi ya ndege kapena ya asodzi. Ine ndinkazungulira kumwamba, nkhope ili pansi, ndikuluma mkati mwa tsaya kuti ndisaseke. Kachitatu apongozi anasiya kandodo osakakhudza, ndege inayenda pang'ono pamwamba pa madzi, ndiye anakakoka pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa. Mphuno inawerama. Anakakankha pang'ono. Mphuno inadzuka. Kenako anasokonezeka n'kumiranso.

Mnzawo anali akupukuta misozi ndi mkono wa jekete. Apongozi anatembenuza padi, anaiyang'ana kumimba, anaigwedeza pafupi ndi khutu. Ndiye anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinamva maso awo pakhosi panga, ndipo mosafuna ndinadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuonana nawo maso ndi maso chikwatire. Munalibe mkwiyo. Munali chinthu china choopsa kuposa mkwiyo, chonga chimene chimaoneka mwa munthu wa bawo akaona kuti mnzake wasiya khomo lotsegula.

"Padi iyi yatentha m'manja," anatero mofatsa. "Manja a nkhalamba sapirira. Akamwini, tisinthane."

Ndikanati chiyani? Kukana kunali kuvomera mlandu. Kupita kukakonza m'makinamo pamaso pawo kunalinso kuvomera mlandu. Ndinapereka padi yanga ndi manja awiri, n'kulandira ya tepi yofiira.

Ndinadziuza kuti ndi nkhani yaing'ono, ndingoganiza mobwerera. Pokwera ndinakumbukira, ndinakankha m'malo mokoka, ndipo ndinakweradi. Koma makina atangolira kuti apongozi ali kumbuyo kwanga, mutu unaiwala, chala chinachita zimene chinazolowera. Ndinafuna kuthawira kumwamba, ndinapezeka ndikuyang'ana nsomba. Apongozi sanadikire kuti madzi andimalize. Ananditsata ndikugwa n'kundiponyera mzinga, kuti imfayo ilembedwe m'dzina lawo.

"Waona?" anauza mnzawo. "Padi ilibe vuto. Ine ndimangokuonetsa mmene amachitira iyeyu."

"Ndiye munamutsanzira bwino zedi," anatero mdala wa ku Tete, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

Tinapitiriza. Ndinagwera m'nyanja, ndinagunda phiri, ndinagunda chisitima chomwe ndinachokerapo. Kunja kunada ndi mitambo ya mvula koma palibe anaona. Matalala atayamba kugunda malata tinangokweza mawu a tivi. N'chifukwa chake sitinamve geti. Mapemphero a amayi anali atathera panjira chifukwa cha mvulayo, ndipo chitseko chitatseguka apongozi aakazi anali ataima pamenepo, yunifolomu itanyowa, ambulera ikudontha.

Sindinaonepo nkhalamba yofulumira chotero. Padi inachoka m'manja mwa apongozi aamuna n'kugwera pamiyendo pa mdala wa ku Tete. Anaimirira, chala chili m'mwamba, mawu a paguwa atabwera kale.

"Ndi zimene ndikunenazi, akamwini. M'nyumba ya mkulu wa mpingo. Ndipo iwe, munthu wamkulu, wa imvi, kumulimbikitsa mwanayu m'malo momulangiza."

Mdala wa ku Tete anayang'ana padi ili pamiyendo pake, pakamwa pali yasa.

Apongozi aakazi anapinda ambulera mosafulumira. Anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene Chichewa anachiphunzira m'banja ndipo ankachilankhula pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba.

"Ntate," anatero, mmene ankawaitanira amuna awo, "khalani pansi, bondo lanu lija lingadzuke. Lachinayi lililonse ndimapeza kansalu ka pa tivi katafundidwa chakumbuyo. Chala chanu chachikulu chili ndi thuza. Ndipo mukagona mumandikankha n'kumati basopa kumchira. Mumaganiza kuti ndinkati mukulota ng'ombe?"

Apongozi aamuna anakhala pansi.

"Ndimafufuza," anatero. "Za ulaliki."

"Mwafufuza mokwanira. Ulalikiwo tiumva liti?"

Mayiwo anatambasula dzanja kwa mdala wa ku Tete, iye anapereka padi. Anatambasula kwa ine, ndinapereka nditagwada. Anakulunga zingwe bwinobwino n'kuika mapadi onse awiri m'chikwama chawo cha kutchalitchi, pamodzi ndi buku la nyimbo. Kenako anafunsa ngati alendo amwa tiyi.

Lachinayi lotsatira mapadi anapita nawo kumapemphero. Ine ndi apongozi tinakhala pakhomo ngati ana amasiye. Iwo anayesa kuwerenga nyuzipepala yakale, ine ndinakonza geti limene silinali lowonongeka. Masana anabwera kudzaima pafupi nane, akuyang'ana kumbali monga mwa mwambo, n'kufunsa chapansipansi ngati dona wa ku Waterfall East uja alibe katoni ina. Ndinati ndikafunsa. Za padi ya tepi yofiira sanatchule, ngakhale tsiku limenelo ngakhale lina lililonse.

Amene anatipulumutsa ndi mkazi wanga. Anauza mayi ake kuti chiyambire gemuyo bambo anasiya kudandaula za msana ndi za ana a masiku ano, ndipo akapitiriza kuwamana ayambiranso kulondola anthu m'khitchini n'kumawauza mmene angadulire anyezi. Mayiwo anaganiza, n'kugamula. Gemu idzaseweredwa Lamlungu masana, anthu atadya, iwo ali pomwepo. Wakumva ludzu adzatunga yekha. Pageti pakagogodedwa adzapita ndi mkazi wanga. Pemphero lidzachitika tivi isanatsegulidwe, ndipo adzapemphera ndi iwo.

"Komanso mkamwini akhale pampando," anawonjezera. "Simenti imeneyi ndimakolopa ndine, ndikudziwa kuzizira kwake."

Lamlungu limenelo ndinakonza padi ija poyera, aliyense akuona, ndipo palibe anafunsa chimene ndinkakonza. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, thako limodzi lili m'malere. Mdala wa ku Tete anabweranso osaitanidwa. Tinanyamuka pa chisitima. Apongozi anathamangira kudzuwa monga mwa chizolowezi chawo, koma ine ndinali nditawaphunzira miyezi yonse ija ndikufa. Ndinatsika pafupi ndi madzi, ndinawasiya adutse pamwamba, n'kukwera kumbuyo kwawo. Kabokosi kanafiira. Apongozi anatsokomola, anayang'ana jagi ya madzi, anayang'ana akazi awo. Mayiwo ankaluka, osadzutsa mutu.

"Dinani," anatero mkazi wanga kumbuyo kwanga.

Ndinadina. Mzinga unapita mowongoka, ndipo theka la pamwamba la tivi linasanduka moto.

Ine ndinatsika pampando n'kugwada, sindikudziwa chifukwa chake.

"Pepani, bambo."

"Dzukani," anatero. "Mwachita mwayi. Tiyambenso."

Tinayambanso, ndipo ndinawagwetsanso, ulendo uno pakati pa mapiri. Mdala wa ku Tete anatembenuka msangamsanga ngati mphepo ya mvula, n'kuyamba kunditcha mphwake. Pa ulendo wotsatira ndinawapeza ali pamwamba pa mitambo, mizinga yawo itatha, ndege ikufuka utsi phiko limodzi. Ndinayamba kuwazungulira mosafulumira, ndikumva kukoma.

Apongozi anaika padi pa tebulo.

"Ludzu," anatero. "Ndikatunga ndekha, monga mwa lamulo. A m'jagiwa afunda."

Anadzuka n'kulowa kukhitchini. Ndinaima kaye, chifukwa kuwombera munthu amene wachoka pampando ndi khalidwe limene ine sindinaleredwe nalo. Tinamva kabati ikutseguka. Tinamva kapu. Kenako panamveka kuti thapu, kuchokera cha kumene kuli bokosi la magetsi, ndipo tivi inazima, firiji inasiya kung'ung'udza.

Anabwerera ndi kapu m'manja, akupukusa mutu mwachisoni.

"Magetsi apita," anatero. "Dziko lino lawonongeka. Ndiye kuti gemu imeneyi palibe wapambana."

Kuseri kwa mpanda wailesi ya aneba inkaimba nyimbo za kwaya mokweza, ndipo babu la pakhonde pawo, limene ankaiwala kuzimitsa, linkayaka masanasana. Tonse tinaliyang'ana pawindo. Apongozi nawonso analiyang'ana, akumwa madzi awo pang'onopang'ono.

"Awo ali pa waya wina," anatero.

Apongozi aakazi anamaliza mzere umene ankaluka, anabaya singano mu ulusi, n'kuuza amuna awo kuti m'firiji muli nyama ya mawa, ndipo ngati magetsiwo sabwera iwo asanaimirire, mapadi akagona ku Bethanie kwa achemwali awo mpaka Khirisimasi. Apongozi aamuna anaika kapu pansi n'kunena kuti apita akaone, mwina abwera kale.